Tsiku Limene Tinaima Kumbuyo kwa a Yotamu

Zaka zimenezo, pamene malire a malo osungira nyama zakutchire anali atafika m'minda mwathu ku Lupande kuno, kusankha atsogoleri sikunali kobisika ngati lero, adzukulu anga. Munthu unkaima kumbuyo kwa amene ukumufuna, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akukuona.

Anati tisankhe woyankhulira mudzi pa nkhani za nyama, ndipo ife asodzi, kagulu kochepa, tinaimika akulu anga a Yotamu, chifukwa aboma anatiletsa kuponya maukonde mu Luangwa pomwe njovu zinkatha mapira athu. Ambiri anatilonjeza kumbali. Koma tsikulo pabwalo la sukulu, masikauti, alonda a nyama aja, anaima pansi pa mtengo mfuti zili paphewa, ndipo mmodzi ananena mokweza kuti, "Tione lero okonda kupha nyama aima pati."

Ha! Anthu anayamba kusuntha mmodzimmodzi kupita ku mzere wa munthu wa chipani chachikulu. Ngakhale alamu athu anadutsa ataweramitsa mutu. Ine ndinanong'oneza kuti, "Akulu, tiyeni tichoke." Iwo osatembenuka anati, "Ukachoka iwe, nditsala ndi ndani?" Ndinaima. Sabata isanathe, tonse amene tinali mu mzerewo masikauti anatisecha m'nyumba, maukonde anatengedwa, ndipo akazi anga ankadzidzimuka akangomva galimoto. Anzathu analeka kutipatsa moni, kuiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pambuyo pake kunabwera voti ya pepala, ndipo mukudziwa? A Yotamu omwewo anatsala pang'ono kupambana, chifukwa amantha aja tsopano ankasankha mobisa. Koma wopambana anatenga zonse, ife osapeza kanthu. Aphunzitsi ena anatiuza kuti kumaiko ena mipando amagawana molingana ndi mavoti, kotero kuti ngakhale kagulu kochepa kamapeza pokhala. A Yotamu atamva zimenezi anati, "Ndiye kuti kumeneko nafenso tikanamveka." Anamwalira asanakhalepo pa mpando uliwonse.

Lero inu mumalowa nokha m'kachipinda, palibe wokuonani dzanja, koma ine mtima umagundabe ndikaona mzere wa anthu. Mukamva wina akunena kuti voti ya chipani chaching'ono ndi yotaya, musathamangire kuseka nawo. Yambani mwafunsa kuti mavoti amawerenga motani, ndipo amene watsala kunja ndani.