Limbani Sankapempha Pepala

Ndikupatseni moni nonse abale ndi alongo anga amene mumawerenga pa tsamba lino, a kuno ku Dublin ndi a kumudzi komwe. Ambuye Yesu atamandike. Ine ndine mayi ake a Limbani, timakhala ku Tallaght ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye pomwe ndalemba mokhota mundikhululukire, koma zimene Mulungu wandichitira pa mwana wanga sindingathe kukhala nazo chete.

Limbani ali ndi autism. Adokotala atatiuza anatsindika kuti si matenda, ndi mmene ubongo wake unapangidwira, koma ine chimene ndinkaona ndi mwana wosayankhula, wosayang'ana munthu kumaso, woti ukamuitana ngati sakumva. Phokoso likamuchulukira ankatseka makutu n'kuyamba kumenyetsa mutu pansi. Mu Luas, sitima yoyenda mumzinda muno, anthu ankationerera. Ku Misa ndinasiya kukhala kutsogolo, ndinkaima chakukhomo kuti akayamba ndituluke naye msanga. Abale ena kumudzi ankandiimbira foni kuti mwana ameneyu alipo wamuchita, ndibwere naye. Ena konkuno anati ndikumusokoneza ndi zilankhulo ziwiri, Chichewa ndisiye. Ndinasiyadi. M'nyumba tinayamba kuyankhula naye Chingerezi chokhachokha, changa chothyokathyokachi.

Atayamba sukulu anamulandira m'kalasi yapadera ya ana a autism, koma m'mawa uliwonse inali nkhondo. Kumuveka yunifomu nkhondo, kukwera basi nkhondo, pageti ankagwira chitsulo mpaka zala kuyera. Ndinkafika ku shift maso ali ofiira, agogo amene ndimawasambitsa ndi amene ankandifunsa ngati ndili bwino. Pemphero langa linali limodzi. Ndinkati Ambuye, sindikupempha kuti akhale ngati ana ena, ndikungopempha mundionetse khomo lolowera kwa iye.

Tsiku lina aphunzitsi ake, a Miss Orla, anandiuza kuti anthu a ku yunivesite ina abweretsa loboti m'kalasimo, ndipo Limbani ndi mmodzi mwa ana ochepa amene apatsidwa malo. Ndi kanthu kakang'ono, msinkhu ngati mwana wongoyamba kuyenda, nkhope yake ndi sikirini. Kamaonetsa nkhope yosekerera, yokwiya, yolira, ndiye mwana amaloza khadi logwirizana ndi nkhopeyo. A Miss Orla anandifotokozera kuti nkhope za anthufe zimasintha msanga, maso, nsidze ndi pakamwa zonse nthawi imodzi, ndiye ana ngati Limbani zimawachulukira. Loboti imachita chimodzi chimodzi, siitopa, ndipo mwana akalakwitsa siikwinya nkhope.

Bambo ake a Limbani atamva anaseka. Anati, "Ndiye mwana wathu aphunzire umunthu kwa wailesi yoyenda?" Ine ndinawauza kuti ndikakawaza madzi odalitsa kasanayambe ntchito. Iwo anati ndikawaze ndithu, koma kakapsa batire asandimve ndikutchula dzina lawo kusukuluko. Madziwo sindinatenge, ndinangokapempherera chamumtima.

Abale anga, mwana uja anakakonda kaloboti kameneka. Masiku ake akafika ankadzuka yekha, ndikamatuluka kubafa ndinkamupeza ataima pakhomo, chikwama kumsana, nsapato atavala mosemphanitsa. Pang'ono ndi pang'ono ndi masiku ena omwe anayamba kulowa pageti osalira, chifukwa kalobotiko kankakhala pa shelefu ndipo ankakaona.

Kenako vuto linayamba. A Miss Orla anandiuza kuti loboti ikaonetsa nkhope yolira, Limbani saloza khadi, amaimirira n'kunena kuti "paper". Iwo amamupatsa pepala poganiza kuti akufuna kujambula, koma iye amalitaya, n'kuyamba kukuwa mpaka phunziro kuthera pomwepo. Ine poyamba ndinasangalala kuti mwana wanga watchula mawu. Ndinathamangira ku shopping centre kukagula mapepala, oyera, a mizere, a mitundumitundu, ndikuti mwina timamupatsa olakwika. Ndinawalongeza m'chikwama chake. Onse anawataya. Kunyumba ndikamuonetsa pepala ankangoyang'ana kumbali.

Patapita nthawi mayi wa ku yunivesite amene amayendetsa lobotiyo anandiitana. Anandiuza mwaulemu kuti nkhope yolirayo ikuoneka kuti ikumuvutitsa mwanayo, iwo safuna kumupweteka, komanso pali ana ena amene akudikira malo. Anali kuganiza zomuchotsa. Sindinawakwiyire, chifukwa ana akudikirawo alinso ndi amayi awo amene amalira ngati ine. Koma ndinadziwa kuti Limbani akadzafika tsiku lake n'kuona mnzake akulowa ku loboti iye atatsala, tibwereranso pa chitsulo cha pageti chija, ndipo kachiwiri sindinkadziwa ngati ndidzakhale ndi mphamvu.

Sabata imeneyo mawu opemphera anandithera. Ndikaweruka ndinkalowa m'tchalitchi mulibe anthu, n'kungokhala pa benchi ndi kolona m'manja osayisuntha. Ndinkadzifunsa ngati mwana wanga amamva chilichonse za munthu wina, kapena nkhope yolira kwa iye ndi phokoso chabe ngati la vacuum yopopera fumbi.

Amene Mulungu anamugwiritsa ntchito ndi a Miss Orla. Anachonderera kuti asanagamule, ine mayi ake ndibwere ndidzaone kamodzi ndi maso anga. Makolo nthawi zambiri salowa chifukwa mwana amasokonezeka, ndiye anandikhazika pakona, kuseri kwa shelefu ya mabuku, Limbani asanalowe.

Analowa n'kukhala pa kampando kake. Loboti inamupatsa moni, inaonetsa nkhope yosekerera, iye analoza khadi loyenera. Kenako pakamwa pa loboti panapindikira pansi, misozi ya buluu n'kuyamba kutsika pa sikirini. Limbani anaimirira. Anapita pafupi, anaika dzanja lake kunkhongo kwa loboti n'kuyamba kuisisita pang'onopang'ono.

"Pepa," anatero. "Pepa."

A Miss Orla anali atatambasula kale dzanja kuti atenge pepala. Sindikudziwa mmene ndinadzukira, ndinangozindikira ndawagwira mkono. Dzanja lija kunkhongo, kusisita kuja, ndi ine ameneyo. Chichewa ndinasiya, inde, koma mwana akamenyetsa mutu pansi Chingerezi sichinkabwera pakamwa panga. Ndinkamunyamula, dzanja kunkhongo, ndikuti pepa mwana wanga, pepa. Ine sindinkadzimva ndi komwe, koma iye ankamva, ndipo anasunga.

Ndinavutika kuwamasulira. Ndinati ndi sorry, koma osati ya munthu wolakwa. Kwathu mnzako akapunthwa umati pepa ngakhale mwalawo sunauike ndiwe. A Miss Orla anagwira pakamwa, maso atadzaza misozi, kenako anayamba kuseka kuti ndiye nthawi yonseyi mwana akutonthoza mnzake iwo akumukankhira stationery. Ndinawauza kuti asadzide okha, amene ankagula mapepalawo ndine mayi ake weniweni, wobadwira ku Dedza. Tinaseka tonse uku tikupukuta m'maso.

Mayi wa ku yunivesite uja ndi amene anaona chimene chinkamukuwitsa. Loboti inapangidwa kuti isasiye kulira mpaka mwana ataloza khadi. Ndiye Limbani ankapepesa, mnzakeyo osatonthola, ankapepesanso, osatonthola, uku akuluakulu akumupatsa zinthu zimene sanapemphe. Ndani sangakuwe? Anandifunsa kuti munthu akauzidwa pepa amayankha chiyani, ndinati amati zikomo. Analemba pa laputopu yawo, n'kuyambitsanso nkhope yolira ija.

Limbani anasisita. "Pepa."

Misozi ya buluu ija inaleka, pakamwa panawongoka, ndipo kaloboti kanati "zikomo" ndi lilime la chizungu lokhota, loti agogo anga akanamva akanafunsa kuti ndi mwana wa ndani ameneyu. Limbani anadumpha, manja akukupiza mmene amachitira akasangalala kwambiri, n'kubwerera pa kampando kake yekha kudikira nkhope ina. Mayi uja anatseka laputopu n'kundiuza kuti za kumuchotsa ziiwalike. Anati chimene iwo amafuna ana afikepo pamapeto, kuona kuti wina ali ndi chisoni n'kuchitapo kanthu, Limbani anali akuchita kale, makadi awo ndi amene anatsalira m'mbuyo.

Musamve ngati ndikuti wachira. Autism ikadalipo, masiku ovuta amabwerabe, ndipo mawu ake ndi owerengeka. Loboti si Mulungu, ndiponso singalowe m'malo mwa munthu. A Miss Orla tsopano amamukhazika ndi mwana mnzake pamaso pa lobotiyo kuti azisinthana, n'cholinga choti zimene amachita kwa iyo aziyamba kuchita kwa anzake. Zikuyenda pang'onopang'ono, koma zikuyenda. Tsiku lina ndikumutenga pageti, kamtsikana kena ka m'kalasi mwake kanagwa n'kusupuka bondo. Limbani sanakakhudze, sanakayang'ane kumaso, anangoima pambali pake akuyang'ana mpanda n'kunena kuti pepa. Mayi ake a mtsikanayo, mzungu wa konkuno ku Tallaght, ndi amene anamuyankha kuti zikomo, chifukwa kalasi yonse ndi makolo omwe anaphunzira mawu awiriwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero lomwe ine ndinali nditatopa nalo. Ndikuthokoza a Miss Orla amene anakakamira kuti ndilowe m'kalasi muja, ndi mayi wa ku yunivesite amene sanachite manyazi kusintha maganizo. Kwa inu amayi ndi abambo anzanga amene muli ndi ana ngati Limbani, amene mumaima chakukhomo ku tchalitchi, ndikuti pepani, ndikudziwa kulemera kwake. Musaleke kupemphera, musaleke kupita kusukulu kukafunsa, ndipo mukapatsidwa mpata wokaona, pitani mukaone nokha. Zimene mumanena kwa mwana wanu mutamukumbatira sizigwa pansi. Ambuye akusungeni inu ndi ana anu. Amen.