Musawauze Kuti Amayi Agona

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1961 m'banja la ana asanu. Iwo anali achiwiri kubadwa, ndipo ine ndaima pano ndine mlongo wawo, mzime m'banjamo. Abale andituma kuti ndiwerenge mbiriyi.

Bambo athu anali mlonda pa sitolo ya nsalu, mayi athu ankagulitsa makala. Malemu anayamba sukulu ya pulayimale mu 1968, ndipo mu 1976 anasankhidwa kupita ku sekondale. Anaphunzirako zaka ziwiri zokha. Bambo athu atamwalira mu 1978, anabwerera kunyumba kudzathandiza mayi kutilera ife ang'onoang'ono.

Mu 1980 analembedwa ntchito m'chipinda chochapira zovala pa hotela ina. Anayamba ndi kufikisa matawulo pamanja, kenaka anawapatsa simbi, mpaka anadzakhala woyang'anira chipinda chonsecho.

Pa 8 Sepitembala 1984 anamanga banja ndi alamu anga, amene anali okonza magetsi. Alamu ankakonda kunena kuti anakwatira anthu awiri, mkazi ndi simbi, chifukwa mzere wa buluku lawo unkatha kucheka chala. Mulungu anawapatsa ana awiri, wamkazi mu 1986 ndi wamwamuna mu 1989.

Apa ndi pamene mantha analowa m'nyumba mwawo, ndipo sanatulukemonso. Mwana wamwamunayo anafika zaka zinayi asanayankhule. Sankayang'ana munthu m'maso. Chitseko chikamenyeka, ankatseka makutu n'kukuwa mpaka mawu kutha, nthawi zina n'kumadziombetsa mutu kukhoma. Kusukulu anamubweza. Mu 1996 dokotala wina anawauza kuti mwanayo ali ndi otizimu, kuti sanalodzedwe ndipo sadwala misala, koma ubongo wake umagwira ntchito mwa njira yakeyake. Pobwerera kuchipatalako malemu anafunsa amuna awo funso limene anakhala nalo moyo wawo wonse: ife tikadzafa, mwanayu adzatsala ndi ndani? Mu 1999 alamu anagwidwa ndi magetsi ali pantchito n'kumwalira, ndipo funsolo linatsala pamutu pa munthu mmodzi.

Mu 2001 malemu anasiya ntchito kuhotela, chifukwa kumusiya mwanayo pakhomo kunali kosatheka. Ana anzake ankamugenda, ndipo wachibale wina anafika polangiza kuti azingomutsekera m'chipinda. Malemu anachita lendi galaja yakale kuseri kwa sitolo ya zitsulo, n'kuikamo makina ochapira amodzi ogula kwa munthu, simbi ziwiri ndi tebulo lokhoma ndi chitseko chakale. Ankachapa mashiti, matawulo ndi makatani a malo ogona alendo ndi a tizipatala ting'onoting'ono. Mwana uja ankapita naye. Mwanayo ankakhala pansi patsogolo pa makinawo kuonerera zovala zikuzungulira, ndipo kwa nthawi yoyamba malemu anamuona atakhazikika. Pang'onopang'ono anayamba kupinda matawulo. Sanali wachangu, ndipo masiku ena sankatha kugwira kalikonse. Koma shiti yokhala ndi kadontho ankaibweza ku makina osafunsa munthu, ndiye anzake anamupatsa dzina loti Kapitawo. Atakwanitsa zaka 18 malemu anamulemba ntchito ngati wina aliyense, ndipo anatilamula tonse, ndi ine malume wake yemwe, kuti tisiye kumutchula ngati kamwana. Kuyambira pamenepo ndi a Kapitawo.

Mbiri inamveka. Azimayi amene anali ndi ana otere, ena atawabisa m'nyumba mpaka kumera ndevu, anayamba kubwera pageti kudzapemphera ana awo ntchito. Mu 2009 malemu analemba a Wailesi, amene pakamwa pawo sipazima ndipo sangakhale pampando osanyamuka. Kumene anagwirako kale ankawachotsa mwezi usanathe. Malemu anawaika pagalimoto yokatenga ndi kukasiya zovala, imene ndimayendetsa ine, ndipo ndikuchitireni umboni kuti makutu anga anazolowera. Analembanso mayi amene timawatchula a Ulusi, amene zilembo zimawavinira m'maso. Chifukwa cha iwo, malemu anasiya kulemba mayina pa mitolo n'kuyamba kumangirira ulusi wa mtundu wakewake kwa kasitomala aliyense. Anadula kachipinda kopanda phokoso kumapeto kwa nyumbayo, koti munthu mutu ukadzaza akapumeko osafunsidwa. Analamulanso kuti pantchito tiziyankhula molunjika, zining'a tizisiya kunyumba. Lamuloli linabwera tsiku limene a Wailesi anati akukataya madzi, a Kapitawo n'kukawanenera kwa amayi awo kuti akuononga madzi a kampani.

Bizinesi itakula, kunjaku kunayamba manong'onong'o. Ankati mayiyu anakhwimira mwana wake kuti alemere, ndipo enawo akuwasonkhanitsa kuti mankhwala asathe mphamvu. Malemu ankamva zonsezi. Anasiya kupita kumsika okha.

Pa 21 Novembala 2013, Lachinayi masana, kamwana ka m'dera lathu kanasowa. Wina anangoti anakaona kakudutsa pafupi ndi geti lathu. Ine ndinali mkati kutsitsa mitolo pamene ndinamva phokoso likubwera mumsewu ngati mvula ya matalala. Miyala inayamba kugwa padenga la malata. Nditasuzumira pa mpata wa geti ndinaona anthu odzaza msewu, ena atanyamula zibonga, mmodzi atanyamula chigubu cha petulo. Mkatimo antchito anali atabalalika. A Kapitawo anali pansi pa tebulo lopindira, zala m'makutu, akudzigwedeza. A Ulusi anagwira simbi yoyaka osadziwa kuti ikuwotcha shiti. Khomo lakumbuyo kunalibe, ndipo m'nyumbamo munali modzaza nsalu zouma. Ndinadziwa kuti machesi amodzi atimaliza tonse.

Malemu anatsegula geti okha, manja ali chinyowere ndi thovu. Ine ndinali kumbuyo kwawo. Anauza anthuwo kuti asankhe azimayi atatu alowe akafufuze paliponse, koma ayende mwakachetechete chifukwa muli anthu amene phokoso limawapweteka. Asanamalize, mwala unawapeza pamwamba pa diso lamanzere. Chipsera chimenecho muchiona mukamadutsa pabokosi. Sanagwe, anagwira chitsulo cha geti. Bambo a sitolo ya zitsulo anatuluka n'kudzaima pambali pawo, ndipo amayi a a Ulusi anabowola gululo akukuwa kuti wofuna kuwotcha mwana wawo ayambe wawotcha iwo. Azimayi atatu aja analowa, n'kupeza makina, mashiti ndi anthu ogwidwa ndi mantha basi. Apolisi anafika gulu litayamba kale kuchepa. Kamwana kaja kanapezeka madzulo kudepoti ya mabasi, kumene kanatsatira mkulu wake. Palibe anabwera kudzapepesa. A Kapitawo anatha miyezi osalola kuyandikira geti.

Ife tinawalangiza kuti atseke. Iwo anati akatseka, anthu awowo abwerera kuzipinda zokhoma, ndipo chimenecho ankachiopa kuposa miyala. M'malo mwake anayamba kusiya geti lotsegula Loweruka lililonse kuti wofuna adzaone zochitika mkatimo. Analowanso m'bungwe la eni mabizinesi a m'dera lathu, ndipo mu 2015 anasankhidwa kukhala wapampando. Ankayenda sitolo ndi sitolo kupempha malo a munthu mmodzi yekha. Ankawauza mabwana anzawo kuti munthu wosayang'ana m'maso sangapambane mafunso a pa intavyu, choncho amupatse ntchitoyo m'manja aone. Ankati mukafuna kusintha kanthu muuzeni lero za mawa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. A sitolo ya zitsulo anatenga mmodzi wosanja misomali ndi mabawuti, a sitolo ya mankhwala anatenga wina, a kosindikiza mabuku anatenga awiri.

Si zonse zinayenda. Mnyamata wina amene anamupezera malo pothirira mafuta a galimoto ankasekedwa ndi anzake, mpaka tsiku lina anamuimbira mahutala dala kuti aone mmene achitire. Anathawa osayang'ana msewu, ndipo pang'onong'ono galimoto ikanamugunda. Kufikira lero satuluka pakhomo pa makolo ake. Malemu ankapita kukamuona mpaka pamene miyendo yawo inakana.

Mu Ogasiti 2023 anayamba kudandaula m'mimba ndi kuonda. Mu Okutobala madokotala anapeza khansa ya chiwindi itafalikira kale. Ndinawatenga ine kuchipatala tsiku limenelo. M'galimoto sanalire za imfa. Anandiuza kuti chimene chikuwaopsa si manda, koma Lolemba loyamba iwo kulibe.

Anaitana mwana wawo wamkazi, amene anali mphunzitsi kutali, kuti adzaphunzire ntchitoyo. Kenaka anachita chinthu chowawa kwambiri. Adakali ndi mphamvu zoyenda, anasiya dala kupita kuntchito kuti antchito azolowere kulandira malangizo kwa munthu wina. Anayamba ndi kujomba tsiku limodzi pa sabata, kenaka awiri. A Kapitawo anakwiya, anakana kudya, ndipo ankaima pakhomo la chipinda cha amayi awo atanyamula epuloni yawo. Malemu ankatembenukira kukhoma kuti asaone. Ine ndikabwera madzulo ankandigwira dzanja n'kundifunsa mmodzimmodzi kuti wagwira bwanji, ndani walowa m'kachipinda kopumira, ndipo watuluka ali bwanji.

Anagonekedwa m'chipatala kumapeto kwa Meyi chaka chino, ndipo anamwalira Lamulungu m'mawa, pa 9 Juni 2024, ali ndi zaka 63.

Abale ndi alongo, mbiri ya malemu imayenera kuthera pamenepa, koma abale andilola kuti ndinene zimene zili kukhosi. Ife tili ndi mantha. Thupi lisanachoke n'komwe kuchipatala, malo ena ogona alendo anaimba foni kuti ayamba ayang'ana kwina kochapitsa kufikira aone mmene ziyendere. Eni nyumba imene timachapiramo afunsa kale ngati tipitirize. Dzulo masana, pamaliro pomwe pano, ndinamva ndi makutu angawa munthu akunong'oneza mnzake kuti mwini mankhwala wapita, tione ngati anthu anawakhwimira aja sachira. Sindikutchulani dzina, mukudzidziwa. Mawu otere ndi amene anabweretsa petulo pageti lathu. Taonani mzere wachiwiri uwo. Akhala pamenepo ndi makolo a antchito athu, ambiri ndi okalamba, ndipo funso limene linawasowetsa tulo malemu likuwasowetsanso tulo iwo.

Mwana wa malemu wasiya uphunzitsi ndipo atsegula geti Lolemba likubwerali. Wandiuza kuti akuopa, ndipo ine sindinamunamize kuti asaope. Bambo a sitolo ya zitsulo, amene tsopano akutsogolera bungwe, alonjeza kuti amene analembedwa ntchito m'masitolo sachotsedwa. Tikuthokoza. Koma malonjezo a pamaliro amakonda kufota limodzi ndi nkhata, choncho tikupempha kuti awa akhale osiyana.

Malemu asiya ana awiri, zidzukulu zitatu, mchemwali wawo mmodzi ndi ine mlongo wawo. Asiyanso antchito khumi ndi asanu ndi mmodzi. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, a mpingo, a bungwe la eni mabizinesi, anansi amene akhala nafe chiyambire, a Ulusi amene anasita chovala chimene malemu avala, ndi a Wailesi amene anayenda khomo ndi khomo kulengeza uthengawu.

Pomaliza ndili ndi pempho. Ena mwafunsa kuti mwana wamwamuna wa malemu ali kuti. Sanathawe maliro a amayi ake. A Kapitawo ali m'galimoto paseri apo, mawindo otseka, chifukwa kulira kwathuku kumawalasa m'makutu. Mlongo wawo anawauza molunjika kuti amayi amwalira ndipo sadzabweranso. Anangofunsa ngati angawaone nkhope kuti atsimikize. Chonde, mukakumana nawo musawauze kuti amayi agona, chifukwa adzadikira kuti adzuke. Musati atsogola, chifukwa adzafunsa njira. Musati atisiya, chifukwa adzafuna kudziwa chimene analakwa.

Tonse tikatha kuona nkhope, ine ndikawatenga. Panthawi imeneyo ndikupempha a kwaya aime, olira agwire pakamwa, ndipo wina asawagwire paphewa kapena kuwakumbatira. Akafuna kuwongola nsalu ya m'bokosi, asiyeni awongole. Akatenga nthawi, tidikire. Sindikudziwa mmene achitire, ndipo ndikuopa. Koma ndikupempha kuti anthu onse tadzaza pano tikhale chete kufikira mwanayu atatsanzikana ndi amayi ake.

Alongo anga, ntchito munaigwira. Mzimu wanu uuse mumtendere.