Mdani Wothamanga Osasuntha

Lachisanu masana, pa kachilumba ka mphepo kumpoto kwa Norway, asilikali awiri anatsalira m'galimoto ya rada, makina osakira ndege, kumaliza nkhondo yoyeserera: Sajeni Halvard, munthu woti akanena chinthu sabweza, ndi Kopolo Eivind, amene lamulo amalimeza ndi minga yomwe. Sitima yapamadzi yomaliza yopita kumtunda inali pafupi kunyamuka, ndipo m'mawa mwake Tuva, mwana yekhayo wa Halvard, ankakwatiwa.

"Zimitsa tizipita," anatero Halvard, chikwama chili kale paphewa.

"Sindingazimitse, a Sajeni. Rada yagwira ndege."

"Ndege yoyeserera ija inabwerera kalekale."

"Iyi ndi ina." Eivind analoza kadontho kobiriwira pagalasi. "Ikubwera ndi liwiro loopsa."

"Yafika pati?"

"Pomwe inali muja mumadya buledi."

Halvard anasuzumira pakhomo. Paphiri la kum'mawa, chifani chachikulu chopangira magetsi, chimene anachiimika posachedwa, chinkazungulira mwaukali, ndipo rada inkawerenga mapiko akewo ngati ndege yothamanga. Nkhani yake inali yomweyo basi. Koma m'mawa wa tsikulo, pamaso pa a Meja, Halvard anali atadziguguda pachifuwa kuti rada yotsata yokhayi siphonya, ndipo kamera yoonera ndi maso ndi ya anthu amantha. Kamerayo anachita kuiveka chipewa chake chaubweya, anthu n'kufa nacho chiseko.

"Ingoisiya," anatero.

"Munatiphunzitsa nokha. Chogwidwa sichisiyidwa mpaka chigwe, chichoke, kapena mkulu anene pa wailesi kuti makina agwira cholakwika."

"Makina awa sagwira cholakwika."

"Ndiye ndi ndege."

"Si ndege!"

"Ndiye agwira cholakwika."

"Ndatero ine?"

"Ndiye ndi ndege, a Sajeni."

Halvard anapumira m'mwamba. Mizinga ya tsikulo inali yongoyerekeza, ya m'kompyuta, choncho anaona kanjira kothawira.

"Chabwino, igwetse. Tumiza mzinga wotsata kutentha, uja umadzisakira wokha ukangouponya."

Eivind anadina batani. "Wakana. Sukuona moto wa injini."

"Ha!"

"Ndege yozizira imeneyi. Adani apita patsogolo, a Sajeni."

"Tumiza wotsata rada!"

"Umenewo ndi wakhungu. Umafuna ife tiziiwalitsa ndegeyo mpaka ugunde."

"Ndine amene ndinakuphunzitsa zimenezo! Tumiza!"

Eivind anadinanso batani, mphepo ikugwedeza galimoto.

"Wagunda," anatero Eivind.

"Eya! Nyamula katundu."

"Koma sinagwe. Ikubwerabe."

"Ikubwera kuchokera pati?"

"Pompaja."

Kudoko sitima inalira kuti puuu! Halvard anaona m'maganizo mwake Tuva ataima pakhomo la tchalitchi, chovala choyera chili mbee, mkono woti augwire palibe. Mantha anamugwira zenizeni.

"Tamvera, Eivind, mnzanga. Tuluka ukavule chipewa pa kamera, uone wekha."

"Munati kamera ndi ya amantha."

"Ndinatero."

"Ndine wamantha ine, a Sajeni?"

"Ayi."

"Zikomo." Eivind anakhazikika bwino pampando.

"Ndiye ingotembenuka uyang'ane pakhomopa! Phiri silo?"

"Wotsata sachotsa maso pagalasi. Kapena mundiuze inu. Mukuona chiyani?"

"Ndikuona... nyengo."

"Yabwino?"

"Iwe, ukudziwa kuti mawa mwana wanga akukwatiwa?"

"Ndikudziwa. Munatipatsa keke yolawa. Inali youma pang'ono."

"Akamuperekeza ndani m'tchalitchi ndikatsala kuno?"

"Ali ndi amalume?"

"Alipo, koma ndi chitsiru!"

"Kuyenda amatha?"

Halvard anatsomphola wailesi n'kudina. Mawu a a Meja anatuluka msangamsanga, ngati ankadikira.

"Nenani, a Halvard. Mwafuna chipewa chanu?"

Halvard anayang'ana chifani, anayang'ana wailesi.

"Zonse zili bwino, a Meja. Tikulondola mdani."

Anabwezera wailesi pamalo pake mofatsa kwambiri.

"Ndiponyenso wina?" anafunsa Eivind.

"Ponya yonse."

"Yonse igunda, koma iyeyu ndi wolimba. Wadya mzinga, sanapatuke n'komwe. Woyendetsa wake ndikumupatsa ulemu."

"Alibe woyendetsa!"

"Mwamudziwa bwanji, a Sajeni?"

"Khala chete!"

Sitima inaliranso, kulira kwakutali kotsanzika. Ndiye taonani tsoka lake, nthawi yomweyo mphepo inatha kuti zii, monga imachitira pachilumbapo madzulo akamayandikira. Mapiko a chifani anazungulira mwaulesi, kenaka anaima. Kadontho kanazimirira.

"Yachoka," analengeza Eivind.

"Aha! Yathawa!" Halvard anamenya khoma ndi chibakera. "Ndinanena ine! Makinawa anaigwira, anaitsata, anaithamangitsa, popanda kamera! Zimitsa, thamanga!"

Makina analira kuti pii. Atataya chakale, anali atabwerera okha kukasaka china choyenda.

"Agwira china, a Sajeni."

"Aaa, chiyaninso?"

"Chachikulu. Chili pamadzi. Chikuyenda pang'onopang'ono."

"Chikubwera?"

"Chikupita. Changochoka padoko."

Halvard sanayang'ane pakhomo. Chikwama chinatsetsereka paphewa n'kugwera pansi. Anatenga wailesi ndi manja awiri.

"A Meja, ndine Halvard. Makina agwira cholakwika. Ndikubwereza, agwira cholakwika. Chimenecho sichingakhale sitima."

Eivind anazimitsa rada, anadziwongola msana, natola chikwama cha mkulu wake pansi.

"Zikomo, a Sajeni. Tsopano tikhoza kumapita."