Mpiru wa m'botolo

Inu a pa wailesi, awerengereniko anzanga kankhani kangaka.

Nthawi ya atsamunda ndinkagulitsa mu loja ya Mpwitikizi ku Vila Cabral. Mlamu wanga anali atasiya kupemphera. Ankandiseka kuti, "Alamu, mumati mpiru umasanduka mtengo wotera mbalame. Ndiwo zakudimbazi?"

Tsiku lina kunafika timabotolo ta mostarda tochokera kwawo kwa azungu. Patarau, mwini lojayo, anati ndi mpiru. Ndinaganiza kuti mwina uwu ndiwo mpiru wake wa m'Mawu a Mulungu. Mkatimo munali phala lachikasu la tinjere, ndipo nditalawa misozi inatuluka. Ndinatsuka tinjereto n'kukafesa kudimba kwathu ku Lulimile, koma sitinamere. Patarau anaseka: "Timeneto tinafera mu vinyo wosasa."

Chaka chomwecho mkazi wanga anasiya mpiru wake wakudimba osathyola, kuti apeze mbewu. Unatalika mpaka m'chifuwa. M'mawa wina ndinapeza mpheta zitatera panthambi zake, ndipo ndinathamanga kukaitana mlamu.

Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Alamu, Lamulungu mundidzere."