Galimoto Yobiriwira ya Alamu Anga

Ine, Darmaji Wiryawan, wa zaka 54, wokhala ku Sidomukti mumzinda wa Malang, ntchito yanga yopanga mano oikirira, ndikunena izi mwa kufuna kwanga, palibe wondikakamiza. Ndabwera pa nkhani ya alamu anga a Sugondo, amuna awo a achemwali anga a Lastri, amene mukuwasunga muno kupolisi kuyambira Lachiwiri powaganizira kuti anagunda munthu ndi galimoto n'kuthawa.

Kwa zaka 22 ndakhala ndikupanga timagalimoto tating'ono ndikaweruka kuntchito. Bwana amene mukulembanu, chonde musalembe kuti zidole. Chidole amasewera nacho mwana. Ine ndimagula bokosi la tizidutswa ta pulasitiki, n'kulumikiza, kupala, kupenta, mpaka kagalimotoko kafanane ndi yeniyeni pa chilichonse, kungoti n'kochepa ka 24 poyerekeza ndi yeniyeniyo. Kutalika kwake kumangokwana pa chikhatho changa. Ndikamaliza ndimakajambula. Ndimakaika pa thabwa lomwe ndinalipenta ngati phula, thabwalo ndimaligoneka pa mpando wa njinga yamoto, foni ndimaitsitsa mpaka ikhudze thabwa, ndipo kumbuyo kumaoneka msewu weniweni. Ukalondola kuwala kwa dzuwa, woona chithunzi amayesa galimoto yaikulu.

Tili ndi gulu la pafoni la anthu 31 okonda zimenezi. Mwambo wathu ndi uwu: munthu amatumiza chithunzi osanena kanthu, enawo n'kumalota ngati ndi yeniyeni kapena kakang'ono. Mwini chithunzi saloledwa kuulula mpaka patapita masiku atatu. Ine sindinawapusitsepo ndi kamodzi komwe. Pali mnzanga wina m'gululi, Yusak, wogulitsa utoto, amene amandigwira nthawi zonse pasanathe ola. Amati utoto wanga ndi wokhuthala, kapena magalasi ndi oyera kuposa a galimoto yoyenda pamsewu. Zimenezi zinkandiwawa, sindibisa.

Mu Januwale chaka chino ndinayamba kupanga kagalimoto kofanana ndi galimoto ya alamu anga, yakale, yobiriwira, nambala yake ndi imene mwalemba kale pa mlanduwu. Ndinkafuna kuwapatsa Loweruka likubwerali, pamene akukwanitsa zaka 60. Galimoto imeneyo anaigula chaka chimene anakwatira achemwali anga ndipo amaipukuta kawiri pa tsiku. Ndinaiyeza ndi tepi mobisa maulendo asanu. Pamene inaphwanyika pang'ono kutsogolo kumanzere, itagunda geti, ndinapatengera ndi supuni yotentha. Dzimbiri la pansi pa chitseko ndinalipenta ndi burashi ya tsitsi zitatu. Ma ekiselo, tizitsulo tolumikiza matayala, ndinapanga ndi waya wachitsulo umene timamangira mano kuntchito. Zonsezi zinanditengera miyezi isanu ndi itatu. Sindinaonetse munthu, ngakhale mkazi wanga, ndipo sindinajambule ndili mkati mopanga, chifukwa Yusak ali ndi khalidwe lolanda foni ya mnzake n'kumafufuzamo.

Lachiwiri ndinachoka kunyumba nditatha kuswali m'bandakucha, n'kufika pamphambano ya msika wa Sidomukti nthawi ili 5:35. Ndinasankha malowo chifukwa dzuwa limatulukira kumbuyo kwa mzikiti n'kuwala chogona pamsewu. Ndinaimika njinga yamoto mamita pafupifupi khumi kuchokera pamphambano. Masitolo anali asanatsegule ndipo sindinaone munthu wina aliyense, kupatula bambo Kasiran, wogulitsa tempe, chakudya chopangidwa ndi soya, pa njinga yakapalasa, amene ndawadziwa zaka zambiri. Anali atavala malaya achikasu. Anaima, n'kuwerama kuyang'ana kagalimotoko, n'kuseka.

Anati, "Inu bambo a mano, imvi zonsezi mukuseweretsabe tinthu ta ana?"

Ndinati, "Takwerani njinga yanuyo mudutse kumbuyoko. Munthu weniweni akaoneka, chithunzi chimanama bwino."

Anati, "Ndiye mundijambule ndioneke mnyamata, akazi anga asangalale."

Anadutsa koyamba, gudumu la njinga linabisika. Ndinawapempha abwerere. Kachiwiri anathamanga kwambiri. Ndinawapemphanso. Kachitatu zinatheka. Pa chithunzicho galimoto yobiriwira ikuoneka itaima m'mbali mwa msewu, magalasi ake akuwala thambo moti mkati simukuoneka, bambo Kasiran ali kumbuyo, ndipo wotchi ya pa mzikiti ikulozera 5:50. Ndinawachedwetsa mphindi khumi kapena kuposera. Ndinagula tempe ziwiri powathokoza, ndipo ndinawasiya akumanganso katundu wawo pa njinga.

Ndisanachoke ndinafufuta zithunzi zina zonse, zoposa 40, zimene thabwa kapena dzanja langa linkaonekamo. Ndinasiya chimodzi chokha n'kuchitumiza kugulu nthawi ili 5:56.

Kuchoka apo ndinapita kunyumba kwa alamu anga, mtunda wa makilomita anayi, ndipo ndinafika 6:10. Achemwali anali atapita kale kumsika wina wa nsomba, koma anandisiyira kiyi wa galimoto pansi pa mphika wa maluwa, poti ndinawauza kuti ndili ndi mphatso yoti ndibise. Chimene chinali m'bokosi iwo sanachione. Alamu anali m'tulo, ndinkawamva kuliza mkonono pa zenera. Galimoto inali pa shedi yake, yofunditsidwa lona. Ndinakweza lona, ndinatsegula chitseko, ndinalowetsa bokosi la kagalimoto pansi pa mpando wa dalaivala. Podzuka ndinatsamira boneti ndi dzanja lamanja. Inali yozizira, ndipo inali ndi mame.

Ndinafika kuntchito 7 koloko. Manja akakhala ndi pulasitala sindigwira foni, choncho ndinaiponya mudirowa. Nthawi ili 12:20 ndinaitenga n'kupeza kuti anthu 30 onse alota kuti galimotoyo ndi yeniyeni, Yusak yemwe. Ndili chiyang'anire, Yusak anaimba.

Anati, "Aise, ndiuze zoona. Ija ndi yeniyeni kapena ako aja?"

Ndinati, "Lero wagwa nayo, eti? Dikira Lachisanu."

Anati, "Darmaji, sindikuseka. Ndiuze."

Ndinati, "Mwambo ndi mwambo, aise. Masiku atatu." Ndinaseka n'kudula foni, n'kuizimitsa kuti asandivutitsenso.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti bambo Kasiran anagundidwa ndi galimoto pamphambano pomwepo nthawi ili 6:05, n'kumwalira asanafike kuchipatala. Sindinkadziwanso kuti mayi wina amene ankasesa pakhomo pake anauza anthu kuti anaona galimoto yakale yobiriwira ikuthawa. Ndamva pambuyo pake kuti wina wa m'gulu lathu, sindikumudziwa, anatumiza chithunzi changa kwa mbale wake, ndipo pofika masana chinali m'foni ya aliyense ku Sidomukti, nambala ya galimoto ikuwerengeka bwinobwino. Nambalayo ndinailemba ndine pa kagalimotoko ndi galasi lokuza zinthu, masiku awiri athunthu.

Nthawi ili 3:40 masana achemwali anaimba pa foni ya kuntchito. Anangoti, "Bwera msanga, akufuna kuwapha alamu ako." Ndinafika 4:05. Pakhomo panali anthu oposa zana. Geti anali ataligwetsa, galimoto ataikankhira pamsewu, ena akuiphwanya ndi zitsulo. Apolisi atatu anali atazungulira alamu anga pa khonde, magazi akutuluka pamwamba pa diso lawo. Ndinakwera pa khoma la ngalande, ndinakweza foni m'mwamba, ndinakuwa kuti chithunzicho ndinajambula ndine ndipo si galimoto yeniyeni, ndi kakang'ono ka pulasitiki, kali pansi pa mpando. Ena anaseka. Bambo wina wovala chipewa chofiira anati, "Ukutiyesa ana?" Anandikoka mwendo ndipo ndinagwera m'ngalande. Foni inagwera pamsewu n'kupondedwapondedwa. Podzuka ndinamva fungo la petulo. Galimoto inayaka mphindi pafupifupi 40, bokosi lili momwemo.

Lachitatu m'mawa munandilola kuwaona alamu anga kwa mphindi zisanu. Anandiuza kuti atafunsidwa koyamba ananena zoona, kuti galimoto sinatuluke tsikulo. Kenako munawaonetsa chithunzi. Iwo sankadziwa kuti kagalimotoko kaliko, ndiye anayang'ana pophwanyika paja, dzimbiri lija, nambala ija, n'kuvomera kuti galimotoyo ndi yawo. Zimenezo munalemba ndipo anasayina. Ndinawafotokozera zonse.

Kenako anati, "Alamu, mwati miyezi ingati?"

Ndinati, "Isanu ndi itatu."

Anati, "Mukanangondigulira malaya." Amadwala matenda a shuga, ndipo mapazi awo ndinawaona atatupa.

Tsiku lomwelo masana ndinapita pamene panapsera galimoto ndi sefa ya kukhitchini. Chitsulo chachikulu cha galimoto yopsayo munali mutachikoka kale. Ndinasefa phulusa kuyambira 1 koloko mpaka 5. Ana a bambo Kasiran anadutsa kuchokera kumanda, anandiyang'ana, ndipo ine ndinalephera kudzutsa mutu. Ndinapeza tiwaya tiwiri tachitsulo, kalikonse kotalika ngati mtengo wa machesi. Ndi ma ekiselo aja. Ndatibweretsa m'kabotolo ka mankhwala ndipo tili pa tebulo panu. Ndabweretsanso thabwa lija, botolo la utoto wobiriwira umene ndinasakaniza ndekha, ndi timagalimoto tina titatu.

Dzulo Lachinayi ndinayenda khomo ndi khomo pamphambano paja kufunsa ngati alipo amene anandiona ndikujambula. Ndinafunsa nyumba 19 ndi masitolo 11. Palibe. Munthu yekhayo amene anakaona kagalimotoko ndi maso ake, n'kuwerama n'kukaseka, ndi amene tamuika m'manda. Mayi wosesa uja ndinamupezanso. Akuti nambala sanaione, koma chithunzi wachiona, ndipo galimoto yake ndi yomweyo. Yusak akuti abwera kudzanena kuti ndimapanga timagalimoto, koma anandiuza poyera kuti sangalumbire za ichi, chifukwa naye analota kuti ndi yeniyeni. Usiku ndinakhala ndi chithunzicho pa foni ya mkazi wanga, ndikuchikuza mbali ndi mbali, kufunafuna pamene ndinalakwitsa. Utoto si wokhuthala. Magalasi ali ndi fumbi lake. Sindinapeze kanthu.

Achemwali anga sakundilankhula. Ali kwa mwana wawo ku Batu, poti nyumba ilibe geti ndipo anthu akuponyabe miyala. Mawu omaliza amene anandiuza Lachitatu ndi akuti, "Unali ndi pakamwa 12 koloko. Unadikiranji?"

Lero Lachisanu ndafika pano 9 koloko. Ndanena kuti boneti inali yozizira 6:10, ndipo mwandiyankha kuti mlamu aliyense anganene choncho. Ndapempha kuti mundilole ndipange kena pamaso panu, ngakhale mundiike m'chitolokosi ndi zida zanga. Mwati alamu akaonekera kukhoti pakatha masabata atatu, pamene ine ndikufunika miyezi isanu ndi itatu, komanso kuti chopangidwa lero chingangoonetsa kuti ndimatha kutengera chithunzi. Za tiwayati mwati tingachokere m'chilichonse chimene chinapsa. Sindikutsutsa. Ndikanakhala pa mpando wanuwo ndikanayankha chimodzimodzi.

Ndikupempha kuti zilembedwe kuti galimoto imene inagunda bambo Kasiran ikadali pamsewu, ndipo kuyambira Lachiwiri masana palibe amene akuifuna. Zilembedwenso kuti amene anawachedwetsa bamboyo pamphambano ndi ine, amene anajambula ndi ine, ndipo amene anafunsidwa n'kuseka ndi ine. Alamu anga anali m'tulo. Ngati pali mlandu wa zimenezi ndiikeni m'malo mwawo. Mwandiuza kuti mlandu wotero kulibe.

Nthawi ili 10:15 munaitana anzanu atatu a zapamsewu kuti aone chithunzicho pa kompyuta yaikulu. Anachikuza, anayang'ana matayala, mthunzi wa pansi, nambala. Anatenga mphindi 20. Wamkulu wawo, wa imvi uja, anavula magalasi n'kundiuza mwaulemu kuti, "Bambo, ine ndakhala ndikuyang'ana magalimoto zaka 30. Iyi ndi galimoto yeniyeni."

Mawu amenewo ndinawadikira zaka 22. Lero ndi tsiku lachitatu, tsiku loulula, ndipo ndaulula.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, zina ndilibe. Andiwerengera ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: ______________________ Darmaji Wiryawan

Wolemba umboni: ______________________