Tsiku limene apongozi anandivuula mu Ruo

Abale ndi alongo amene mukuwerenga, mtendere wa Ambuye ukupezeni kulikonse kumene muli. Umboni uwu ndauzengereza nthawi yaitali chifukwa muli manyazi ambiri, oti ndikakumbuka ndimawerama ndekha ngakhale palibe wondiona. Ndi nkhani ya kutha kwa ntchito, ndi banja langa limene linatsala pang'ono kutha nayo limodzi.

Ine ndine mkamwini ku Khonjeni, kwawo kwa akazi anga, mayi a Tadala. Kwathu ndi ku Khwethemule. Ndinkayendetsa thirakitala pa esiteti ina ya tiyi, kututa masamba m'minda kupita nawo ku fakitale. Chilimwe chatha masamba atachepa, anatiitana gulu n'kutiuza kuti ntchito yatha. Ndinayenda m'maesiteti mpaka nsapato zinang'ambika, koma paliponse yankho linali lakuti mudzayesere mvula ikagwa.

Amene munakhalapo pachikamwini mukudziwa kuti mwamuna wopanda ntchito amasanduka katundu pamudzi. Munda ndi wa eni, malo a nyumba ndi a eni. Amalume a akazi anga, eni mbumba, anayamba kulankhula mosabisa kuti mwana wawo sangamadyetse bambo wandevu ndi dengu la nthochi. Anatumiza mawu kwa ankhoswe anga kuti likangodutsa Tsiku la Anakubala tikhale pansi, tikambe zondisudzula. Mayi a Tadala ankangolira. Mawu omaliza anali a mayi awo, apongozi anga, ndipo iwo anali chete.

Maganizo awo sindikanawadziwa, pakuti chikwatirire ine ndi apongozi tinali tisanayang'anizanepo maso. Kwathu kuno mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi apongozi, sadya nawo, sawapatsa moni wa padzanja. Tikakumana panjira ndinkapatukira patchire, moni n'kupatsana nkhope zitaloza kwina. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkagwada kuseri kwa nthochi n'kumati, Ambuye, ndipatseni ntchito tsiku lija lisanafike, musandichititse manyazi pamaso pa anthu awa. Ntchito sinabwere.

Amene anabwera ndi mlamu wanga Fanuwelo, mlongo wawo wa akazi anga, wogwira ntchito ku Blantyre. Anati chaka chino pa Tsiku la Anakubala amayi tikawasangalatsire ku mathithi a Zoa, pa mtsinje wa Ruo. Anali ataona pa foni mabanja akunja akuyandama pamitsinje, basi mutu wake unagwira zomwezo. Anabwereka machubu a matayala kwa mnzake wa malole ku Luchenza, tinawapopa n'kumangapo nsungwi pamwamba, ati bwato limenelo. Banja lonse linkapita, ndi amalume omwe. Ine kupita sindinkafuna, koma kukana kukanaoneka ngati mwano, choncho ndinapita ngati wonyamula katundu.

Malo aja ndi okongola, ndisaname. Munthu umatsika chigwembe mogwira mizu ndi miyala, madzi akugwa pathanthwe ndi phokoso loti mnzako sumumva, nthunzi yake n'kumakunyowetsa uli patali. Kutsidya ndi ku Mozambique, ndipo apongozi anakhala pamwala nthawi yaitali akuyang'ana kumeneko, kumene kunachokera makolo awo. Anali atavala chitenje chatsopano chimene ana awo anawagulira tsikulo. Titadya mpunga ndi nkhuku, tinatsikira kumunsi kumene madzi amadekha n'kupanga dziwe lalitali pakati pa miyala.

Anayamba kukwera ana ndi amayi awo, ndipo anabwerako bwinobwino akuseka. Kenako Fanuwelo anati eni tsiku akwere. Panafunika amuna awiri okankha ndi nsungwi, iye ndi ine. Apongozi anawakhazika pakati, ndipo malo anga anali pambali pawo penipeni. Nanga ine ndikakhale phewa ndi phewa ndi apongozi, amalume akuonerera kumtunda? Ndinasendera kumapeto kwenikweni, kunsonga za nsungwi kumene kunalibe n'chubu chomwe pansi, n'kuwafulatira. Bwato linkapita kutsogolo ine ndikuyang'ana kumbuyo, ndikudziona kuti ndine munthu waulemu.

Mwala umene tinagunda sindinauone. Ndinangozindikira ndili m'madzi chagada. Kusambira sindidziwa, kwathu timitsinje n'tolekeza m'mawondo. Madzi anandikokera pampata wa miyala pamene amathamanga, ndipo buluku langa, limene ndinkalimanga ndi luzi chifukwa chowonda, linakodwa pamtengo wa pansi pa madzi n'kutsala pomwepo.

Nditatulutsa mutu ndinaona dzanja patsogolo panga. Linali la apongozi, atagona chafufumimba pa nsungwi zija. Abale, ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, dzanja lija ndinalileka. Madzi ali m'mphuno, imfa ndikuiona, ine ndinabweza mkono wanga chifukwa ndinali maliseche ndipo dzanjalo linali la apongozi. Mumtima ndinati, Ambuye, bola ndife. Ndinamiranso.

Sindinkadziwa kuti apongozi anakulira pa Ruo, kuoloka chosambira kukalima kutsidya ali mtsikana. Anadumphira m'madzi ndi zovala zawo zonse n'kundigwira kolala chakumbuyo. Ine ndinkaphiriphitha kuti ndiwathawe, ndipo apa m'pamene anandiyang'ana kumaso koyamba.

"Bambo a Tadala, ulemuwo mukachitira kumtunda. Gwirani phewali."

Ndinagwira. Anandikokera pamchenga ndikusanza madzi, anthu akuthamangira komweko, amalume, ana, ndi alendo ena odzaona mathithi, mafoni ali m'manja. Asanafike, apongozi anamasula chitenje chawo chatsopano chija n'kundimanga m'chiuno monga amachitira ndi khanda likachoka kosamba. Kenako anaima pakati pa ine ndi mafoni aja, madzi akuchucha, mpaka eni ake anachita manyazi n'kuwabweza m'matumba.

Kumudzi ndinafika nditavala chitenje cha apongozi. Nkhani inali itafika kale ife tisanatsike galimoto, ndipo anyamata a kabaza pa Khonjeni anali atandipatsa kale dzina lachipongwe. Ndinadzitsekera m'nyumba. Kutchalitchi sindinapite, kupemphera ndinaleka, pakuti ndinali nditakwiya ndi Mulungu. Ndinamupempha kuti andichotsere manyazi, Iye n'kundivula pamaso pa apongozi? Ndinalongedza tizovala tanga m'chikwama kuti ndichoke ndekha tsiku la mlandu lisanafike. Mayi a Tadala anakhala pachikwamapo n'kunena kuti ngati ndikupita, ndiyambe ndamva mawu a mayi awo.

Tsiku lija tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ankhoswe a mbali zonse alipo. Amalume analankhula nthawi yaitali za kusowa kwa ntchito kwanga, ndipo atatchula za ku Ruo ena anabisa pakamwa kuseka. Ine maso anali pa zala za kumapazi. Atatha, apongozi, amene pa zokambirana zotere amakhala kumbuyo kwenikweni, ananyamula mkeka wawo n'kudzauyala patsogolo panga.

"Achimwene, mwamaliza?" apongozi anafunsa amalume aja. "Munthu uyu analolera kufa kusiyana n'kundichita chipongwe. N'chopusa chimene anachitacho, koma ndaona mtima wake. Ndinamuvuula ndi manja angawa, ndinamuveka ndekha. Mwana amene ndamuveka ndekha sindimuthamangitsa pakhomo panga. Ntchito idzabwera ndi mvula."

Anatuma mayi a Tadala kuti abweretse madzi osamba m'manja ndi mbale ya nyemba za kalongonda. Anasamba, n'kundikankhira beseni lomwelo, mbale n'kuiika pakati pathu. Ndinadya ndi apongozi mbale imodzi misozi ikugwera momwemo, ndipo amalume anatenga chipewa chawo n'kumapita.

Mvula itagwa ndinapezadi ntchito pa esiteti ina, ya thirakitala yomweyo. Ndikuthokoza chifukwa cha ntchitoyo, koma umboni wanga suli pamenepo. Ine ndinkapempha ntchito kuti ndibise manyazi anga, ndioneke munthu. Mulungu anandilola kufika pamene ndinalibe chobisira, ngakhale buluku, ndipo pomwepo m'pamene anandipatsa mayi. Akanandiyankha monga ndinkafunira, bwenzi mpaka lero ndili mlendo pamudzi paja, wodikira kuti ntchito ikadzathanso adzandisudzule.

Manyazi sanatheretu, ndisakunamizeni. A kabaza akundiitanabe dzina lija, ndipo Fanuwelo akabwera nkhani yake imakhala yomweyo. Chitenje ndinachichapa n'kukabweza, koma eni ake anakana, anati ndichisunge.

Inu amene ntchito yakutherani, amene pakhomo akukuyang'anani ngati katundu, musaleke kupemphera monga ndinachitira ine masiku aja. Thandizo likhoza kubwera ndi munthu amene mumamuthawa panjira, pa nthawi imene simukufuna kuti munthu akuoneni. Likafika musabweze mkono, pakuti ine ndinatsala pang'ono kusiya Tadala wamasiye chifukwa cha zimenezo. Ulemerero upite kwa Mulungu amene sanachite nane manyazi.

Masiku ano ndikakumana nawo panjira sindipatukiranso patchire. Ndimaima, n'kuwapatsa dzanja, n'kunena kuti mwadzuka bwanji amayi.