Chilonda cha Ekizozi pa Msewu wa ku Cape Maclear

Ine, Tinenenji Yakobe, wa zaka 48, wa m'mudzi mwa Kasuza, T/A Kanduku, boma la Mwanza, wogulitsa manachesi pa msika wa Thambani, ndikupereka umboni uwu pa polisi ya Mwanza lero Lachisanu pa 21 June 2024. Palibe wandikakamiza.

Ndabwera pa nkhani ya a Stafford Melvin, makaniko wa zigayo ndi njinga zamoto pa Thambani, amene ali m'chitokosi muno kuyambira Lachitatu. Akuwaganizira kuti anaba mota ya chigayo cha a Kinsley Yakobe masana a Loweruka pa 15 June. Iwo akukana kunena kumene anali tsikulo. Ine ndikudziwa kumene anali chifukwa ndinali nawo.

A Kinsley ndi alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga a Watson Yakobe, amene anamwalira mu 2021. Mpaka pano akuchimuna sanandisudzule. Kwathu mkazi wamasiye asanasudzulidwe amawerengedwabe ngati ali pabanja, ndipo sayenda ndi mwamuna wina. A Kinsley anati adzandisudzula tikadzamanga chiliza pa manda a malemu, koma chilizacho chaka chilichonse chimakhala cha chaka chamawa.

A Stafford anayamba kugula manachesi pa benchi langa chaka chatha. Ankagula tsiku lililonse la msika, milu iwiri kapena itatu, chikhalirecho amakhala okha chimwalirire akazi awo. Ndinadziwa kuti si manachesi okha akuwabweretsa, chifukwa mimba imodzi singathe zonsezo. Mwezi wa May tikucheza ndinawauza kuti chibadwire sindinaonepo nyanja, ndiponso kuti a Watson ankalonjeza kukandionetsa koma sizinatheke. A Stafford anati tiyeni. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinavomera.

Lachisanu pa 14 June ndinauza oyandikana nawo kuti ndikupita ku Lunzu kukaona mwana wanga Thandie. Ndinanyamula chikwama ndi kathumba ka manachesi. Ndinakwera minibasi pa boma m'mawa, a Stafford anakwera ina, ndipo tinakumana pa Zalewa. Kuchoka apo tinadzera Balaka, Liwonde ndi Mangochi mpaka Monkey Bay, kumene tinafika kutada. Tinagona pa nyumba ina yogona alendo pafupi ndi msika. Tinatenga zipinda ziwiri. Ndikupempha kuti zimenezi zilembedwe bwinobwino, ziwiri.

Loweruka m'mawa a Stafford anapita nane kumadzi. Ndinaona mpanda wa waya, sitima zitaima, ndi madzi opanikizika pakati pa mapiri. Ndinawafunsa ngati nyanja yomwe anthu amaitamayo ndi imeneyi. Iwo anaseka nkunena kuti apa ndi padoko chabe, nyanja ya pa zithunzi ili ku Cape Maclear, kuseri kwa mapiriwo, mtunda wa makilomita makumi awiri ndi kanthu. Anati tikafika tisanamve njala.

Anthu a pamenepo anatiuza kuti njira zopitira zilipo zitatu: boti, matola kapena njinga yamoto. Tinayamba taona boti. Mwiniwake ankatitsimikizira kuti ndi labwino, uku akukapa madzi m'katimo ndi chigubu chodula. Ndinawauza a Stafford kuti ine ndine wa ku Thambani, madzi amene ndimawadziwa ndi ofika m'mawondo, boti akwere okha.

Tinapita pa siteji nkukwera pikiapu ya matola cha m'ma 8 koloko. Munali kale anthu asanu ndi mmodzi, ndipo woitanira anati patsala anthu awiri okha. Tinakhala. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, nkuzimitsanso. Akabwera munthu weniweni wa ulendo, mmodzi mwa anthu tinawapeza aja ankatsika mwakachetechete nkupita pa bawo. Galimoto inanyamuka kamodzi, ine nkugwira chitsulo kuti tapita, koma inangokathira mafuta nkubwerera pomwepo. Itakwana 10 koloko tinali titadya manachesi asanu ndi atatu, tili pa Monkey Bay pomwe. Ndinatsika ndine, a Stafford nkunditsatira.

Tinapangana ndi akabaza awiri a njinga zamoto. Wondinyamula ine anati dzina lake ndi Elvis, bambo wa zaka za m'ma 30, wa njinga yofiira. Anandiuza kuti msewu wake ndi wa mapiri ndi makona, choncho ndikhale motang'adza ngati mwamuna. Ndinamuuza kuti pa msinkhu wanga sinditang'adza pa msewu wa eni. Ndinakhala chammbali, miyendo yonse kumanja, chifukwa kumanzere anali atamangako kathumba ka manachesi. Kumanjako ndi kumene kuli ekizozi. Elvis anandichenjeza, sindingamunamizire.

Tinayenda pang'ono pa msewu wa ku Mangochi, kenako tinakhotera kumanja kulowa m'mapiri. Elvis anali patsogolo, a Stafford m'mbuyo. Cha m'ma 11 koloko, tili pakati pa chitunda chachikulu, tcheni cha njinga chinavuka, njinga nkuyamba kubwerera m'mbuyo. Ndinadumpha osayang'ana. Katumba wa mwendo wanga wamanja anagunda ekizozi, ndipo khungu linatsalira pomwepo, malo aakulu ngati chikhatho cha mwana.

A Stafford atafika anayamba ayang'ana mwendo wanga. Anathira madzi athu akumwa onse pachilondapo, nkundikhazika pa mwala pamthunzi. Kenako anapita pa njinga. Elvis analibe chida chilichonse. A Stafford anatulutsa mpukutu wa makiyi awo, umene pamakhala kasipanala kakang'ono. Pa mpukutuwo ndinaona kiyi wa loko ya chigayo cha a Kinsley. Ndimamudziwa chifukwa ndi womangidwa kawaya kofiira, ndipo malemu amuna anga ankamusunga nthawi zina. A Stafford anandiuza kuti anapatsidwa Lachinayi posintha lamba wa chigayo, nkuiwala kubweza. Choncho masana a Loweruka kiyiyo anali m'phiri la ku Cape Maclear, ndinamuona ndi maso angawa.

Amuna atatuwo ali kalikiliki ndi tcheni, kunabwera anyani. Wamkulu anafika pa kathumba kamene tinatsitsa kaja, nkukakoka mpaka m'tchire, anzake ali pambuyo. Ine ndinangokuwa ndili pa mwala. Manachesi a ku Mwanza anathera pamenepo. Elvis anayang'ana mwendo wanga nkunena kuti, "Amayi musadandaule, chimenechi ndi chidindo cha alendo. Azungu amapita nacho kwawo." Njinga itakonzeka anapempha nambala ya foni ya a Stafford, nkuwapatsanso yake. Nambala ya Elvisyo nanenso ndinaisunga, ndipo ndaipereka kwa apolisi amene akulemba umboni uwu.

Tinafika m'mudzi mwa Chembe, ku Cape Maclear, dzuwa lili paliwombo. Elvis anatipititsa kaye pa kachipatala kena komweko. Anesi anatsuka chilondacho, kupaka mankhwala ndi kumanga bandeji. Kenako anati mwendowo usakhudze madzi a m'nyanja kwa milungu iwiri. Ndinawauza kuti ndachokera ku Mwanza, ndagona panjira, ndakhala pa matola osayenda, ndapsa, anyani andibera, zonsezo chifukwa cha madzi omwewo. Iwo anati zonsezo amva, koma mwendo usanyowe. Tinakangana ndithu, moti ndikukhulupirira kuti akhoza kundikumbukira.

Titatuluka tinadutsa pakati pa nyumba mpaka kumchenga. Pamenepo ndiye ndinaiona nyanjayo. Tsidya silinkaoneka. Amayi ankatsuka mbale ndi kuchapa, ana akusambira, azungu atagona padzuwa ngati usipa woyanika. Ndinakhala pansi pa mchenga wotentha. Mtima unandiwawa kuposa mwendo, ndipo misozi inatuluka.

A Stafford anavula nsapato, nkupinda buluku mpaka m'mawondo. Anandiuza kuti anesi aletsa mwendo umodzi wokha. Anandidzutsa, nkundiuza kuti ndigwire phewa lawo, mwendo wopsawo ndiukweze m'mbuyo. Ndinalowa m'nyanja motsimphina ndi mwendo wamanzere mpaka madzi anafika m'bondo. Anali ozizira, ndipo tinsomba tinkandizungulira chala. Ndinaseka mpaka amayi ochapa aja anasiya ntchito nkumationerera. Elvis anatijambula ndi foni yanga. Chithunzicho chilipo, chikuonetsa tsiku ndi nthawi, ndipo ndawaonetsa apolisi.

Tili m'madzi momwemo a Stafford anati, "Mayi Yakobe, phewa limeneli musalisiyenso." Ndinamva chimene ankatanthauza. Ndinawauza kuti yankho adzalimva alamu anga akadzandisudzula, ndipo kufikira tsikulo asauze munthu wina aliyense kuti tinabwera kuno, zivute zitani. Iwo anati, "Ndalonjeza."

Tinagona ku Chembe, zipinda ziwirinso. Lamulungu Elvis ndi mnzake anatibweza ku Monkey Bay, ndipo ulendo uno ndinakhala motang'adza popanda wondiuza. Lolemba tinabwerera, nkusiyana pa Zalewa monga tinakumanirana. Kumudzi ndinauza anthu kuti ndinapsa ndi phala ku Lunzu.

Lachitatu ndili pa msika ndinamva kuti a Stafford atengedwa ndi apolisi. Anthu ankati chigayo chimakhala chotseka Loweruka chifukwa a Kinsley ndi a mpingo wa Sabata, ndipo mlonda atafika madzulo anapeza mota palibe, loko yotsekulidwa bwinobwino, osathyola. Amayi ena akuti anaona ngolo itaima pamenepo masana. Ankatinso a Stafford ndi amene anali ndi kiyi, anasowa masiku anayi, ndipo akafunsidwa kumene anali amangoti anali kolowera kwawo. Ine sindinaulule kumene tinali. Ndinkaganiza kuti akagona m'chitokosi usiku umodzi anena okha, chifukwa lonjezo lopangira m'madzi silingapose ndende.

Dzulo Lachinayi ndinabwera kuno ndi mpunga wa nyemba. Ndinaloledwa kuwaona pamaso pa wapolisi. Ndinawapeza ndi malaya omwe aja a ku nyanja. Ndinawanong'oneza kuti anene zoona, asavutike chifukwa cha ine. Iwo anati, "Ndinalonjeza, mayi. Bwererani, mwendowo ungatupe." Ndinatuluka nditakwiya nawo kwambiri. Ndinalinso ndi mantha, chifukwa ndinamva kuti Lolemba akaonekera kukhoti, ndipo makaniko wotchedwa wakuba palibe angamupatsenso kiyi wa chigayo chake.

Lero m'mawa ndapita kwa a Kinsley. Ndawapeza atakhala pakhomo pa chigayo, akuyang'ana mabawuti pamene panali mota. Ndagwada nkuwapatsa moni. Kenako ndamasula bandeji, nkuwauza kuti chilondachi si cha phala. Ndawafotokozera zonse zimene ndanena panozi, kuyambira pa Zalewa mpaka kiyi wa kawaya kofiira, osasiyako kanthu. Ndawauza kuti ngati pali mlandu wa kumudzi ndi wanga, andizenge ine, koma munthu amene ali m'chitokosi sanabe. Ndawapatsa foni kuti aone chithunzi.

Achiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndimadikira kukalipiridwa. M'malo mwake andifunsa kuti, "Kodi nyanjayo ndi yaikuludi?" Ndawauza kuti tsidya silioneka. Iwo ati nawonso sanaionepo, ndipo mng'ono wawo, malemu amuna anga, ankangoinena mpaka kumwalira. Atandibwezera foni ati kupatula kiyi wawo, loko ija inali ndi makiyi ena awiri. Wina anasowa chaka chatha pamene munthu amene ankagayitsa anasiya ntchito, ndipo iwo sanasinthe loko. Ati zimenezi sanazinene ku polisi chifukwa mtima wawo unali utagwira kale a Stafford.

Kenako ati, "Mlamu, takusungani nthawi yaitali. Chiliza chidzatipeza. Mwezi wamawa ndiitana abale, tikusudzuleni." Ine ndaomba m'manja.

Atulutsa njinga yawo yamoto nkundiuza kuti tipite ku boma. Pokwera andiuza kuti miyendo ikhale kumanzere, ekizozi ili kumanja. Andibweretsa ndi iwowo, ndipo pano ali panja pa benchi, akudikira kuti apereke umboni wawo wokhudza kiyi wachiwiriyo.

Chilonda ndawaonetsa apolisi achizimayi. Ndine wokonzeka kukanena zomwezi kukhoti, ngakhale mudzi wonse wa Kasuza utabwera kudzamvera. Ndikupempha kuti a Stafford Melvin auzidwe kuti lonjezo lija ndalimasula ine mwiniwake, tsopano akhoza kuyankhula. Auzidwenso kuti phewa lija sindinalisiye.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera, ndipo alemba monga ndanenera.

Wopereka umboni: Tinenenji Yakobe ______________________